Kulowa M'madzi Popanda Kunyamulidwa

M'mahotela ndi m'malo amasewera a m'mayiko ena, m'mbali mwa dziwe losambiramo mumakhala chipangizo chimene alendo ambiri amangochidutsa osachiona n'komwe. Ndi mzati wa chitsulo chosachita dzimbiri, wozikidwa mu simenti, wokhala ndi mkono umene kumapeto kwake kuli mpando wa pulasitiki, lamba wa m'chiuno ndi popondera mapazi. Munthu woyendera njinga ya aulumali amafika pambali pake, n'kumanga mabuleki, n'kudzisuntha ndi manja kuchoka panjinga kukakhala pampandopo. Akadina batani, mkono uja umazungulira pang'onopang'ono mpaka mpando utalendewera pamwamba pa madzi, kenako umatsika kufikira madzi atamufika m'chifuwa. Amamasula lamba n'kuyamba kusambira. Akatopa amabwerera pampando, n'kudinanso batani ali m'madzi momwemo, makina n'kumubwezera kumtunda. Kwa munthu wa pa Mtengowanthenga, m'mbali mwa msewu wa M1 pakati pa Lumbadzi ndi Mponela, nkhani imeneyi ingamveke ya kutali, ndipo m'pomveka: m'midzi ya kuno madzi amachokera pamjigo, pachitsime ndi kudambo, ndipo kusamba kumachitikira m'bafa kuseri kwa nyumba. Komabe mfundo imene anapangira mpando umenewu ikukhudza mapiri a Dowa ndi Ntchisi kuposa mmene ikukhudzira hotela ya ku America. Mfundoyo ndi yakuti munthu wovutika kuyenda azifika pamadzi yekha, pa nthawi imene wafuna, popanda kudikira womunyamula.

Madzi ndi ofunika mwapadera kwa thupi lofooka, ndipo chifukwa chake chinadziwika kalekale. Zaka zoposa 2,200 zapitazo, Archimedes wa ku Syracuse anafotokoza kuti chinthu chikamizidwa, madzi amachikankhira m'mwamba ndi mphamvu yofanana ndi kulemera kwa madzi amene chinthucho chawasuntha. Madokotala a mafizo amadalira lamulo lomweli. Munthu akaima m'madzi olekeza m'chiuno, miyendo yake imasenza pafupifupi theka la kulemera kwake. Madzi akalekeza m'khosi, miyendo imangotsala ndi gawo limodzi mwa magawo 10. Ndiye kuti mayi wa makilogalamu 70 amene mawondo ake anatha ndi nyamakazi, m'madzi akuya amangosenza makilogalamu ngati 7, ndipo akhoza kupinda mwendo umene pamtunda sangaupinde osabuula. Madzi amalimbananso ndi dzanja kapena mwendo kulikonse kumene ukulowera, motero minofu imakhwima popanda kunyamula zitsulo, ndipo wodzandira sagwa mwadzidzidzi n'kuthyoka fupa. Franklin D. Roosevelt, amene anafa miyendo mu 1921 ndi matenda amene madokotala anati ndi poliyo, anapita ku akasupe ofunda a Warm Springs m'chigawo cha Georgia mu 1924. Ataona mmene madziwo ankamuthandizira, anagula malowo n'kuwasandutsa ochitirako mafizo, ndipo patapita zaka anakhala pulezidenti wa United States. Ku London mu 1949, James McMillan anayamba kuphunzitsa kusambira atsikana aulumali a pasukulu ya Halliwick, ndipo kaphunzitsidwe kake kamadziwikabe ndi dzina la sukuluyo. Kusambira kunali nawo pa mpikisano woyamba wa Paralympics ku Rome mu 1960. Kuno kum'mwera kwa Africa, Natalie du Toit wa ku South Africa, amene anadulidwa mwendo wakumanzere atachita ngozi ya pamsewu mu 2001, anapikisana ndi alungalunga pa mtunda wa makilomita 10 pa Olympics ya ku Beijing mu 2008.

Chovuta n'chakuti malo amene thupi lofooka limapepukirako ndi omwenso amakhala ovuta kulowamo kuposa ena onse. Dziwe lamakono lili ndi zipupa zoongoka, m'mbali mwake muli matailosi onyowa ndi oterera, ndipo polowera pali makwerero achitsulo oima chilili, ofuna manja awiri amphamvu ndi mapazi awiri omva. Kutsika sikuvuta kwenikweni, munthu akhoza kungodziponyamo. Nkhondo ili potuluka, pamene kulemera konse kumene madzi ananyamula kumabwerera nthawi imodzi, thupi litatopa kale. Ku United States lamulo loteteza anthu aulumali, la Americans with Disabilities Act, linakhazikitsidwa mu 1990, koma miyezo yatsatanetsatane yokhudza maiwe osambiramo inadzakhazikika mu 2010. Miyezoyo imati dziwe limene chipupa chake chozungulira chikufika mamita 91 likhale ndi njira ziwiri zolowera anthu aulumali, imodzi mwa izo ikhale mpando wa makina kapena njira yotsetsereka yolowa m'madzi. Dziwe laling'ono limafunika njira imodzi. Mpandowo uzitha kunyamula makilogalamu osachepera 136. Ukakhala kumtunda uziima masentimita 41 mpaka 48 kuchokera pansi, womwe ndi msinkhu wa pokhalira pa njinga ya aulumali. Ukatsika uzimira masentimita osachepera 45 kuti munthu ayandame n'kuchokapo mosavuta. Ndipo uikidwe pamene madzi sakupitirira masentimita 122 kuya, kuti wothandiza, ngati alipo, athe kuima pansi. Nambala iliyonse mwa izi inachokera pa kuyeza thupi la munthu ndi njinga yake.

Eni mahotela a ku America sanalandire miyezoyi ndi manja awiri. Anadandaula za mtengo wake, ananena kuti ana aziseweretsa makinawo n'kuvulala, ndipo ambiri anapempha kuti aloledwe kugula mpando wamatayala wosungidwa m'chipinda, wotulutsidwa mlendo akaupempha. Tsiku lomaliza lokonzera maiwe akale linasunthidwa kuchoka mu Marichi 2012 kufika pa 31 Januwale 2013. Koma boma linaumirira pa zinthu ziwiri: mpando uzikhala pamalo pake nthawi yonse imene dziwe lili lotsegula, ndipo munthu azitha kuuyendetsa yekha ali kumtunda ngakhalenso ali m'madzi. Mmalawi aliyense amene anamvapo mawu akuti "wa makiyi watuluka, mudikire" akudziwa chifukwa chake mfundo yoyambayo inali yofunika. Yachiwiri ndi yozama koposa. Batani likakhala kumtunda kokha, wosambirayo akatopa ayenera kukuwa kuti wina amutulutse, ndipo nthawi yake yotulukira imakhala m'manja mwa munthu wina. Chipangizo chimene chimamulowetsa koma osamupatsa mphamvu yotuluka yekha changosamutsa vuto lake kuchoka kumtunda kupita m'madzi.

Tsono tibwere kwathu. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti anthu 10.4 pa 100 alionse a zaka 5 kupita m'tsogolo m'Malawi ali ndi ulumali wa mtundu wina, ndipo mwa amenewa, oposa gawo limodzi mwa magawo 4 amavutika kuyenda kapena kukwera. Kalembera yemweyo anawerenga anthu oposa 770,000 m'boma la Dowa ndi oposa 310,000 ku Ntchisi. Tikunena za anthu masauzande ambiri m'maboma awiriwa okha. Ena ndi akuluakulu amene poliyo anawapeza ali ana, m'zaka zimene matendawa anali ofala moti mu 1979 panakhazikitsidwa bungwe la Malawi Against Polio, lomwe pambuyo pake linasintha dzina kukhala Malawi Against Physical Disabilities; ndipo mu Febuluwale 2022 dziko linadzidzimuka pamene kachilombo ka poliyo kanapezekanso mwa mwana ku Lilongwe, koyamba m'zaka 30. Ena ndi ana amene malungo aakulu kapena mavuto a pobadwa anawaonongera ubongo. Ena ndi anyamata a kabaza ndi amene amawakweza, ovulala m'misewu yathu. Ena anadulidwa mwendo chifukwa cha shuga, ena anafa mbali imodzi ndi sitiroko, ndipo ambiri angokalamba. Malo a kuno amawonjezera katundu pa katundu. Midzi imakhala pazitunda, madzi amakhala kumunsi, kudambo kapena m'khwawa, moti ulendo wopita uli wotsetsereka ndi woterera, wobwerera uli wokwera ndi ndowa yodzadza.

Taonani mjigo wamba wa m'midzi ya kuno m'mwezi wa Januwale. Pampu yaima pakati pa simenti yozungulira imene m'mphepete mwake muli kampanda kotalika ngati chikhatho, kotchinga madzi kuti atsate ngalande. Kunja kwa simentiyo dothi lakokoloka ndi mvula ndi mapazi a anthu, moti kampanda kaja kasanduka sitepe yaitali. Pansi pali matope, pasimenti pali ndere. Mudzi wosamala wamanga mpanda wotchinga mbuzi ndi nkhumba, n'kusiya kakhomo kokwana munthu mmodzi ndi ndowa yake, kamene njinga ya aulumali singalowe. Chogwirira chojigira chimafuna munthu woimirira, wotha kuwerama ndi kuwongoka kambirimbiri. Ndowa ya malita 20 ikadzadza imalemera makilogalamu 20, ndipo palibe pena poitsamiritsa kuti munthu aisenze pang'onopang'ono. Palibe chimodzi mwa zimenezi chimene chinapangidwa ndi mtima woipa. Mmisiri anatsatira pulani imene anapatsidwa, ndipo wojambula pulaniyo ankaganiza za mayi wa miyendo iwiri yamphamvu. Koma zotsatira zake n'zofanana ndi za makwerero a padziwe la hotela: madzi ali pomwepa, munthu akuwaona, koma sangawakhudze yekha. Kukonza kwake n'kodziwika. Njira yotsetsereka imene ikwera sentimita imodzi pa masentimita 12 alionse, khomo la pafupifupi mita imodzi, simenti yokhakhala m'malo mwa yosalala, kampando kanjerwa pambali pa chogwirira kuti munthu azijiga atakhala, chitsulo chopingasa kumapeto kwa chogwirira kuti manja ofooka agwire bwino, ndi kachulu ka njerwa kotulirapo ndowa.

Kunyumba nkhani ndi yomweyo, kungoti imachitika mobisika ndipo anthu saikamba. Bafa la udzu limakhala ndi khomo lokhota ndi lopanikiza kuti odutsa asaone m'kati, pansi pake pali miyala kapena zidutswa za njerwa zoterera ndi sopo, ndipo wosamba amayenera kuima kapena kunjuta. Chimbudzi chadzenje chimafunanso kunjuta. Amene sangathe amakwawa, n'kuika manja pansi pomwe ena aponda, kenako manja omwewo akadyera nsima. Wodwala sitiroko akatulutsidwa m'chipatala cha mishoni pa Mtengowanthenga, ku Madisi kapena ku Dowa boma, amabwerera ku bafa ndi chimbudzi zimene zinamangidwa iye ali bwino, ndipo wodulidwa mwendo naye, mwendo woikirira wopangidwa pa chipatala cha Kamuzu Central sungamuthandize m'bafa, poti posamba amauvula. Apanso zofunika ndi zochepa: mpando wa matabwa kapena wa njerwa wobowola pakati woika padzenje, mtengo wa bulugamu wozikidwa bwino kuti ukhale chogwirira, chingwe cholimba cholendewera kudenga, khomo lotakata, ndi njira yosalazidwa kuchokera pakhonde.

Wina anena kuti zonsezi ndi nkhani za anthu okhuta. Mudzi umene ulibe ngakhale mjigo umodzi ungakambe bwanji za njira yotsetsereka, ndipo dziko limene zipatala zake zimasowa mankhwala lingaganize bwanji za mpando wa padziwe? Mbali ina ya mawu amenewa ndi yoona. Palibe wanzeru amene angalangize khonsolo ya Dowa kugula mpando wa makina mudzi wina ukumwa madzi a m'khwawa. Koma mawuwa amasokoneza zinthu ziwiri. Funso loti timange kapena tisamange ndi lina, funso loti tikamamanga timangire yani ndi linanso. Lipoti la mu 2011 la World Health Organization ndi World Bank lonena za ulumali linasonyeza kuti kuganizira anthu aulumali nyumba ikadali papepala kumawonjezera pafupifupi 1 pa 100 ya mtengo wonse. Ndalama zambiri pa mjigo zimapita pa kuboola, mapaipi ndi pampu. Matumba ochepa a simenti owonjezera pamwamba ndi kachigawo kakang'ono. Kudzagumula ndi kumanganso pambuyo pake ndiko kumadula, ndipo nthawi zambiri sikuchitika n'komwe poti pulojekiti inatsekedwa, kontilakitala analipidwa n'kupita. Choncho umphawi ndi chifukwa chomangira bwino ulendo woyamba. Dziko lolemera likhoza kulakwitsa n'kukonza. Ife tikalakwitsa, cholakwikacho chimakhala pamenepo zaka 20.

Kutsutsa kwachiwiri n'kwamphamvu kuposa koyamba, chifukwa kumachokera pa chinthu chabwino chimene tili nacho. Amati kwathu kuno munthu sakhala yekha. Ali ndi mkazi, ana, alongo, adzukulu, ndipo kumunyamula wofooka ndiwo umunthu. Makina ndi a anthu amene anataya ubale. Koma tiyang'anitsitse kunyamulako. Anthu awiri amagwira munthu wamkulu m'khwapa ndi m'mawondo n'kumudzutsa ngati thumba la chimanga, pamalo onyowa, m'khomo lopanikiza. Phewa la mkono wakufa ndi sitiroko limaguluka mosavuta likakokedwa chotero, ndipo msana wa wonyamulayo umatha pang'onopang'ono. Wonyamulayo kawirikawiri ndi mayi amene ali kale ndi dimba, munda ndi ana, kapena mtsikana amene ayenera kuchedwa kusukulu tsiku lililonse. Mwambo wathu womwewo umene timaudalira ndi umene umaletsa mwana wamkazi kuona thupi la bambo ake, ndi mkamwini kusambitsa apongozi. Ndiye bambo amene mkazi wake wapita kumaliro masiku atatu amangokhala osasamba. Mayi waulumali akakhala kumwezi amafuna kudzisamalira popanda maso a wina. Ndipo n'zodziwika kuti anthu ambiri otere amachepetsa dala kumwa madzi ndi kudya kuti asavutitse anzawo ndi ulendo wa kuchimbudzi, zomwe zimabweretsa matenda ena. Samadandaula chifukwa amaopa kuoneka osayamika. Ubale sukutha ayi pamene mwana wamangira bambo ake mpando m'bafa. Dzanja lothandiza lidzafunikabe kwa odwalitsitsa, koma ambiri amene lero akunyamulidwa angathe kudzichitira okha atapatsidwa pogwira ndi pokhala.

Kutsutsa kwachitatu n'kwa anthu odziwa ntchito, ndipo kuyenera kumvedwa bwino. Makina amafa. Mpando wa padziwe umayendera batire lofuna kutchajidwa tsiku ndi tsiku, m'dziko limene magetsi amazimazima. Mtundu wina umayendera mphamvu ya madzi a m'paipi, yomwe imafunika ikhale yokwanira nthawi zonse. Mankhwala a kolorini amadya zitsulo, ndipo kachipangizo kakang'ono kakaonongeka kayenera kuitanitsidwa kunja ndi ndalama zakunja zomwe zimasowa. Mpando wakufa wokutidwa ndi lona m'mbali mwa dziwe ndi woipa kuposa kusakhalapo kwake, chifukwa umapatsa mwini malo chonamizira. Yankho lake tinalipeza kale pa nkhani ya mijigo. Pampu ya Afridev, imene yafala m'midzi yathu, inachokera ku pampu ya Maldev yomwe inayesedwa m'chigwa cha Livulezi ku Ntcheu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo cholinga chake chinali chakuti anthu a m'mudzi azitha kuimasula ndi kusintha zokutha popanda kudikira lole ya boma. Nzeru yomweyo ikutiuza kuti padziwe latsopano tisankhe njira yotsetsereka yolowa m'madzi, yokhala ndi zogwirira mbali zonse ziwiri, yotsika mpaka madzi akuya pakati pa masentimita 61 ndi 76. Ilibe batire, ilibe choti chife, ndipo imathandiza mwana, mayi woyembekezera ndi gogo mofanana. Imafuna malo okulirapo, komanso mpando wamatayala wosaopa madzi, umene amisiri a kwathu angapange ndi mapaipi a pulasitiki. Mpando wa makina malo ake ndi padziwe lomangidwa kale, limene kugumula chipupa chake kungadye ndalama zambiri, ndipo ugulidwe pamodzi ndi batire lachiwiri, ndalama zokonzera za chaka ndi chaka, ndi munthu wodziwika amene ntchito yake ndi kuuyesa m'mawa uliwonse.

Maiwe otere si a kutali monga tingaganizire. Kuchokera pa Mtengowanthenga kupita ku Lilongwe ndi ulendo wa minibasi imodzi, ndipo kumeneko kuli maiwe m'mahotela, m'sukulu zina, ndi malo osambirako a mpikisano amene anamangidwa pa Kamuzu Institute for Sports pokonzekera masewera a achinyamata a Region 5 a mu Disembala 2022. Dziwe la mpikisano la mamita 50 m'litali ndi 25 m'lifupi lili ndi chipupa chozungulira cha mamita 150, moti pa miyezo ya ku America lingafunike njira ziwiri. Malo omangidwa ndi ndalama za msonkho ayenera kuyezedwa ndi muyezo wokhwima kuposa hotela, chifukwa msonkhowo amapereka ndi waulumali yemwe. Malawi anayamba kutumiza wopikisana ku Paralympics mu 2016 ku Rio de Janeiro, pamene Taonere Banda anathamanga mtunda wa mamita 1,500; wosambira waulumali wodzaimira dziko lino sangapezeke ngati ana otere alibe polowera m'madzi. Kum'mawa, msewu wodzera ku Mvera umatsikira ku Salima ndi Senga Bay, kumene nyanja inadzipangira yokha gombe lotsetsereka, koma mchenga umameza matayala a njinga pa mita yoyamba. Kanjira ka matabwa kapena mkeka wolimba wofika m'madzi ndi mpando wa matayala otakata n'zokwanira. Maiwe a m'madambo ndi mitsinje ngati Bua sangalowe m'malo mwa zimenezi, poti muli likodzo ndipo mwina muli ng'ona. Dziwe la mafizo la kuchipatala ndi nkhani ina: madzi ake amafunika kufunda madigiri 33 mpaka 35, chifukwa madzi ozizira amaumitsa minofu yokungika kale, ndipo kuzizira kwa Juni ndi Julayi pazitunda za Dowa sikwamasewera. Limenelo ndi lodula, ndipo n'koyenera liyambire m'zipatala zikuluzikulu.

Eni malo amakondanso kunena kuti sanaonepo waulumali akubwera kudzasambira, ndiye agulirenji chipangizo chopanda wochigwiritsa ntchito. Koma munthu sapita kumene akudziwa kuti akachita manyazi. Kusabwera kwawo ndi zotsatira za makwerero aja, ndipo sikungakhale umboni wakuti safuna. Komanso amene akuwerenga aulumali a lero okha akuwerenga molakwika. Akale anati lungalunga m'pobadwa, chilema chichita kudza, ndipo ambiri amene adzafike zaka 75 adzafuna chogwirira. Ena amaopa ngozi, ndipo mantha amenewo ali ndi maziko. Munthu wa khunyu akhoza kugwa ali m'madzi, wa zilonda zosapola kapena wa vuto la mtima ayenera kufunsa kaye kuchipatala, ndipo wosamva kutentha m'miyendo akhoza kupsa ndi madzi a m'bafa osadziwa. Koma kulowa wekha sikutanthauza kusambira popanda woyang'anira. Dziwe lililonse la anthu ambiri limafunika wopulumutsa omira, kaya osambirawo ndi alungalunga kapena ayi, ndipo njira yabwino yochepetsera kumira ndi kuphunzitsa anthu kusambira.

Malamulo tili nawo kale. Gawo 20 la malamulo aakulu a dziko lino limaletsa kusala munthu chifukwa cha ulumali. Mu 2009 Malawi anavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, limene gawo 9 limakamba za kufika m'malo a anthu onse, gawo 28 za madzi aukhondo, ndipo gawo 30 za masewera ndi zosangalatsa. Mu 2012 panabwera lamulo la za ulumali, ndipo mu 2024 linalowedwa m'malo ndi latsopano limene linasandutsa bungwe loona za anthu aulumali la MACOHA, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1971, kukhala MACODA. Bungwe la FEDOMA lakhala likulankhulira anthu aulumali kuyambira mu 1999. Chimene chikuperewera ndi chija chinachitika ku America mu 2010: kusandutsa mawu akuti ufulu kukhala masentimita olembedwa papulani, amene woyendera ntchito angayeze ndi tepi asanasainire malipiro. Misonkhano yokha siikwanira. Kafukufuku amene anachitika m'boma la Rumphi n'kufalitsidwa mu 2018 anaphunzitsa alangizi a zaukhondo kuti aziganizira anthu aulumali polimbikitsa midzi kumanga zimbudzi. Anthu aulumali ambiri anafikiridwa ndi kupezeka pamisonkhano, koma mabanja amene anasinthadi zimbudzi zawo sanachuluke kwenikweni, ndipo ofufuzawo anati mabanja akufunika thandizo loposa mawu. Banja limene lauzidwa kuti likonze chimbudzi liyenera kuonetsedwa chitsanzo chogwirika, ndi kudziwa mmisiri wapafupi amene anamangapo chotero.

Mphamvu yambiri pa nkhaniyi ili m'manja mwa anthu amene sadziona ngati opanga malamulo: a komiti ya mjigo, a VDC, alangizi a zaumoyo oyendera midzi, mafumu, makhansala, ndi amipingo amene amamanga zipatala, sukulu ndi malo obatizira. Makina oboola mjigo akachoka m'mudzi mwanu, mmisiri amabwera kudzawaka pamwamba, ndipo ntchito yakeyo imatha m'masiku ochepa. Itanani munthu wa njinga kapena wa ndodo wa m'mudzimo kuti ayende kuchokera kumsewu mpaka pamene padzakhale chogwirira, iye anene yekha pamene akukakamira. Ngati pulani ya kontilakitala ilibe njira yotsetsereka, funsani kukhonsolo musanasaine kuti mwalandira ntchito. Kampanda ka masentimita 15 kamafuna njira ya masentimita 180, ndipo mmisiri auzidwe zimenezi simenti isanasakanizidwe.